A Tayesakaye ndi Kalata Yowanamizira

Malemu amene tawazungulira panowa, amake mapasa, amene kuntchito tinkawatchula kuti a Tayesakaye, anabadwa m'chaka cha 1978. Anali achiwiri m'banja la ana asanu. Anabadwira m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa positi ofesi, kumene bambo awo ankagwira ntchito yokwera m'mapolo kulumikiza mawaya a lamya. Bambowo anatisiya kale. Mayi awo, amene akhala apowa, ankasoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde la nyumba yomweyo.

Ine amene ndikuwerengane ndine mnzawo wakuntchito. Takhala pa desiki imodzi zaka khumi ndi zinayi, iwo mbali ya kuzenera, ine mbali ya kukhomo. Kampani yathu inandipatsa pepala loti ndidzawerenge pano, lotayipidwa bwino, la ndime zitatu. Ndalipinda, lili m'thumbamu, ndipo sindiliwerenga. Abambo a mapasa anandipempha mbiri ya akazi awo, sanandipemphe bodza. Ndiye abusa, akuluakulu a mpingo ndi nonse anamfedwa, mundilole ndiwerenge imene ndalemba ndekha.

Alongo awo aakulu andiuza kuti malemuwa ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anamasula wailesi ya bambo awo yonse, mpaka kasikuluwu komaliza. Koma asanamasule chilichonse ankayamba ajambula pakope pamene chinali. Pomwe bambo ankafika madzulo, wailesi inali ikuimba ngati sinakhudzidwe, ndipo chikwapu anadya ndi alongo awowa chifukwa choulula. Sukulu ya pulayimale ndi ya sekondale anakhoza bwino, kenako anapita ku koleji ya zaumisiri. M'kalasi ya anthu makumi anayi akazi analimo awiri. Mphunzitsi wina anawalangiza kuti akaphunzire kutayipa, ati mawaya si a atsikana. Pamayeso omaliza anakhala nambala wani.

Anakwatiwa mu 2004 ndi bambo awa, mphunzitsi wa masamu. Eni akewa amanena okha kuti anafunsira zaka zitatu, mayiwa akuwayesa kaye. Mu 2006 Mulungu anawapatsa mapasa, wamwamuna ndi wamkazi. Wamkaziyu watsata mapazi a mayi ake, analowa ku koleji kukaphunzira ntchito yomweyi.

Kumpingo anali a kwaya ya amayi, ngakhale amayi a kwaya mukudziwa nokha chifukwa chake munkawaimika kumbuyo kwenikweni. Mawu oimbira analibe, tisanamizane pamaliro. Koma chiyambireni kusamala zokuzira mawu za m'tchalitchi, kulira kuja kobaya m'makutu kunatheratu. Lamlungu lililonse ankafika anthu asanabwere kudzayesa maikolofoni imodziimodzi.

Anayamba ntchito kukampani yathu mu 2009. Kwa amene simudziwa zimene timachita, timalumikiza zipatala zazing'ono ndi masukulu akutali ku intaneti. Pamalo aliwonse pali kabokosi kakuda, kukula kwake ngati buku la nyimbo, kokhomedwa pakhoma, kawirikawiri pamwamba pa kabati pomwe pali fumbi ndi akangaude. Kabokosiko timati rauta. Ndi kamene kamatsegula njira yoti zotsatira za magazi zimfike namwino, ndi yoti pempho la mankhwala lipite kumene liyenera kupita. Marauta otere tili nawo 312, ndipo kwina kuti mukafikeko ndi ulendo wa tsiku lathunthu, msewu ukakhala wouma.

Kale tikafuna kusintha kanthu, tinkalowa mu rauta imodziimodzi tili mu ofesi, n'kumatayipa malangizo omwewo mobwerezabwereza mpaka onse athe. Ukafika pakati maso atopa, chala chaterereka, walemba zina. Malemuwa zimenezi zinawanyansa. Anatha chaka chathunthu akukonza pulogalamu yoti munthu ulembe malangizo kamodzi kokha mu fayilo, pulogalamuyo izikawagawa yokha ku marauta onse. Anaikonzanso kuti m'mawa uliwonse 9 koloko ikakwana, izilowa yokha mu rauta iliyonse kukaona ngati wina wasokoneza, n'kubwezeretsa zonse m'malo mwake. Ntchito ya milungu itatu inasanduka ya masiku atatu. Mabwana anaomba m'manja, koma eni akewa sananyade. Ankati chida chimene chingakonze marauta onse nthawi imodzi chingathenso kuwapha onse nthawi imodzi.

Ndiye anaika malamulo awo. Chilichonse chatsopano uyambe wachiyesa pa rauta yakale, yothyoka ngodya, imene inkakhala pansi pa desiki yawo. Rauta imeneyo ankaitcha kuti alamu, ati chifukwa mlamu ndiye amapirira chipongwe chilichonse osakwiya. Ukabwera ndi fayilo yako uli jijirijijiri, iwo osadzutsa n'komwe mutu, amangoti, "Tayesa kaye pa alamu." Dzina lija linachokera pamenepo. Zikayenda pa alamu, utumize ku marauta asanu okha apafupi, oti ukhoza kukafikako panjinga, kenako makumi awiri, kenako ena, pang'onopang'ono. Ndipo lamulo limene sankalola ngakhale mngelo kulidumpha linali lakuti rauta iliyonse uiuziretu kuti, ikapanda kumva kwa iwe pakatha mphindi khumi, itaye zatsopanozo ibwerere ku zakale. Ankati n'chimodzimodzi kuika mwala pachitseko potuluka, kuti mphepo isakutsekere kunja makiyi ali m'kati.

Sindinama kuti anali munthu wofewa. Pakamwa panali pakuthwa. Ine ankanditchula kuti a Magalasi, ndipo ankakonda kunena kuti magalasi ndili nawo aakulu koma cholakwika chili pamphuno panga sindichiona. Tinkakangana pafupifupi sabata iliyonse, ndipo pafupifupi sabata iliyonse olondola anali iwo.

Pulogalamu yawoyo inali ndi chilema chimodzi, ndipo anachiona okha msanga. Poikonza anagwiritsa dzina lawo lolowera mu kompyuta, poti nthawi imeneyo oigwiritsa ntchito anali iwo okha. Choncho aliyense akatumiza malangizo, kaya ndine, kaya ndi wina, kaundula wa mu kompyuta ankalemba dzina la iwo. Analemba makalata atatu kupempha kuti awapatse sabata imodzi yokha, akonze, aliyense azilowa ndi dzina lake. Katatu konse anawayankha kuti si zachangu, pali ntchito zina. Makalata atatuwo ndili nawo. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererakonso.

Zaka zitatu zapitazo anawapeza ndi vuto la impso. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankachoka pa ofesi masana kupita kuchipatala kukagona pa makina otsuka magazi, maola anayi. M'mawa mwake ali pa desiki, akutinena ngati kale. Chimene chinkawathandiza kuti asaphonye tsiku ndi khadi lachipatala limene kampani imapatsa antchito ake.

Chaka chatha tinalandira bwana watsopano woyang'anira zaukadaulo. Ali pano, akhala mpando wachiwiri kutsogoloku, ndipo nkhata ya maluwa yaikulu kuposa zonse abwera nayo ndi iwo. Bwanawa analonjeza akuluakulu a zipatala kuti pofika Lachisanu lina lake adzakhala atakhwimitsa chitetezo pa marauta onse. Analonjeza osafunsa ogwira ntchitoyo kuti imatenga masiku angati. Lachisanulo litafika, 3 koloko masana, malemuwa ali pa makina kuchipatala, bwana anabwera kudzaima kumbuyo kwa mpando wanga. Anati nditumize malangizo atsopano ku marauta onse nthawi yomweyo. Ndinati sitinayese pa alamu. Anati za alamu ndi zachibwana. Ndinati nanga lamulo la mphindi khumi lija? Anati limachedwetsa, ndilichotse. Anatinso kampani singamaime chifukwa cha matenda a munthu mmodzi. Mawu amenewa anatuluka pakamwa pa munthu amene wabwera ndi maluwayu.

A mkulu wa mwambo, ndikukuonani mukuyang'ana wotchi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye mupirire pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pakundiwawa. Amene anachotsa mwala uja pachitseko ndine. Amene anakanikiza batani ndine. Bwana analamula, koma chala chinali changa, ndipo ndinkadziwa kuti n'kulakwa.

Mu fayilomo mizere iwiri inali itasinthana malo. Mzere wakuti tseka njira zonse unali pamwamba pa mzere wakuti kupatula izi ndi izi. Rauta ilibe nzeru zoganiza kuti mwina mwini wake walakwitsa. Inamvera mzere woyamba, n'kutseka zonse, ngakhale njira imene ifeyo timalowera, mzere wachiwiri usanaifike. Pa alamu tikanachiona m'mphindi imodzi. Mwala uja ukanakhalapo, pakutha mphindi khumi zonse zikanabwerera zokha. Pakhoma la ofesi yathu pali sikirini yaikulu yoonetsa kadontho kobiriwira pa rauta iliyonse. Ndinaona timadonthoto tikufiira ngati chikuku, kuyambira pamwamba kutsika mmunsi. Pa mphindi zinayi onse 312 anali atafiira, mafoni ayamba kulira, ndipo bwana anali atalowa mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

Ndinawaimbira foni malemuwa. Anafika cha m'ma 5 koloko, pulasitala ali pamkono, akuyenda mogwira khoma. Anayang'ana sikirini ija nthawi yaitali, kenako anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndinayesa pa alamu. Sanandilalatire, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandilalatira.

Rauta ikadzitsekera motero, mankhwala ake ndi amodzi. Munthu apite komweko ndi laputopu ndi chingwe, akailumikize pamanja. Tinagawana magulu anayi. Koma panali marauta makumi anayi akalekale, akutali kuposa onse, amene anakawakhoma ndi malemuwa zaka zoyambirira, ndipo khalidwe lake ankalidziwa ndi iwo okha. Akanatha kukhala pa ofesi n'kumatilangiza pafoni. Bwana anakana pamaso pa tonse. Anati pulogalamu ndi ya mayiwa, dzina lili m'kaundula ndi lawo, apite akakonze. Abambo a mapasa anawachonderera kuti asapite. Anapita, osati chifukwa choopa bwana, mayiwa sankaopa munthu, koma chifukwa m'zipatalamo anamwino ankadikira zotsatira za magazi a makanda, ndipo mankhwala anali atayamba kutha.

Inali nyengo ya mvula. A dalaivala athu aimirira kumbuyoko, akhoza kundichitira umboni. Galimoto inatitimira m'matope kawiri. Pasukulu ina anadikira tsiku lonse chifukwa ahedi anali atachoka ndi makiyi a ofesi. Pachipatala china anapeza kabati yokhoma, makiyi atasowa kalekale, mpaka anachita kumasula mahinjesi. Mayi odwala impso ankakwera pampando, laputopu kudzanja lina, chingwe kudzanja lina, kufikira kabokosi kali kudenga. Masiku khumi ndi awiri. Ulendo wa ku makina otsuka magazi anauphonya katatu. Pobwerera miyendo inali itatupa, nsapato zawo zosalowa, atavala mapatapata a dalaivala. Marauta makumi anayi onsewo anawadzutsa.

Anagonekedwa m'chipatala masiku anayi. Tsiku limene anabwerera kuntchito, pa desiki panalibe ngakhale kakhadi ka zikomo. Panali kalata yowaitana kukayankha mlandu. M'chipinda cha tebulo lalitali munali anthu atatu a ofesi yolemba ndi kuchotsa antchito, anthu oti rauta sangaisiyanitse ndi wailesi. Bwana anayala pepala la kaundula loonetsa dzina la malemuwa, Lachisanu, 3 koloko. Malemuwa anati nthawi imeneyo anali pa makina kuchipatala. Bwana anati laputopu imapita paliponse, ndipo aliyense akudziwa kuti mayiwa amagwira ntchito ngakhale ali pabedi. Taonani nkhanza! Khama lawo lomwelo analisandutsa chingwe chowamangira. Malemuwa anafotokoza kuti kaundula amalemba dzina lawo, kaya watumiza ndi ndani. Bwana anati kaundula sanama.

Pamenepo anandiitana ine ngati mboni yodziwa ntchitoyi. M'mawa wa tsikulo bwana anali atandiimitsa pamasitepe, n'kundiuza kuti pa awirife mmodzi achoka, ndipo anandikumbutsa kuti ndili ndi ana asanu. Anthu atatu aja anandifunsa ngati n'zotheka kuti munthu wina atumize malangizo koma kaundula n'kulemba dzina la mayiwa. Ndinayankha kuti zoterozo sindinazionepo. Ine, amene ndinkachita zimenezo tsiku ndi tsiku! Malemuwa anandiyang'ana. Akanangotchula dzina langa kamodzi, nkhani ikanatembenuka. Sanatchule. Potuluka, atanyamula katoni ya katundu wawo, anaima pa desiki yanga n'kunena kuti, "A Magalasi, alamu muziwapukuta fumbi." Sanandiuzenso china, ndipo ndaona kuti ngakhale kunyumba kwawo sanauze munthu.

Kalata yowachotsa ntchito inati achotsedwa chifukwa cha kusasamala pa ntchito. Kusasamala! Mayi amene ankayesa maikolofoni ya m'tchalitchi kawiri asanampatse mbusa. Ndipo pepala lili m'thumba langali likuti anapuma pantchito mwa kufuna kwawo chifukwa cha matenda. Manyazi mulibe kodi? Munthu mwamunamizira ali moyo, mukufuna mumunamizirenso ali m'bokosi, ndipo mwatuma ine yemweyo kuti ndidzakuwerengereni.

Mwezi utatha, khadi lachipatala lija linasiya kugwira ntchito. Anayamba kukhala pamzere wa anthu ambiri odikira makina ochepa. M'malo mwa kawiri pa sabata, ankatsukidwa magazi kamodzi, sabata zina osatsukidwa n'komwe. Anafunsira ntchito m'makampani ena, koma ntchito yathuyi anthu ake timadziwana, ndipo aliyense anali atamva za mayi amene anagwetsa netiweki ya zipatala. Nkhaniyo inakafika mpaka ku koleji. Mwana wawo wamkaziyu anakhala m'kalasi n'kumva mphunzitsi akuipereka ngati chitsanzo cha munthu wosasamala, anzake akuseka. Anabwera kunyumba n'kunena kuti sukuluyo waisiya, ndipo mpaka lero sanabwerereko. Malemuwa anafooka pang'onopang'ono kwa miyezi isanu. Ine ndinakawaona kamodzi kokha, ndipo ndinalephera kuwayang'ana m'maso. Anamwalira Lolemba, dzana, 2 koloko masana, amuna awo atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 47.

Tsopano tibwerere ku mfundo ndinati muisunge ija. Atawachotsa ntchito, dzina lawo mu pulogalamu silinachotsedwe. Palibe amene akudziwa kulichotsa popanda kugwetsa zonse, chifukwa sabata imodzi imene ankapempha ija sanawapatse. Ndiye miyezi isanu yonseyi, m'mawa uliwonse 9 koloko, dzina lawo lakhala likutuluka pa sikirini yanga likuyendera marauta, ine n'kumaliona, n'kumamwa tiyi wanga, osanena kanthu. Dzulo Lachiwiri, thupi lawo lili m'nyumba ya chisoni, ndinapita ku ofesi ndi kukasindikiza kaundula wa tsikulo. Ndi pepala ili ndanyamulali. Likuti dzulo, 9 koloko m'mawa, malemuwa analowa m'marauta 312, n'kuwayendera onse, n'kuwasiya ali bwino.

Bwana, musayang'ane pansi. Kaundula amene munati sanama uja ndi yemweyu. Ngati sanama, dzukani, bwerani mutsegule bokosili, muwafunse chifukwa chake akugwirabe ntchito pomwe munawachotsa. Ngati amalemba dzina lawo ngakhale eni ake atamwalira, ndiye kuti munachotsa munthu wosalakwa, mukudziwa, ndipo ine ndinakuthandizani. Mlandu suwola. Chitupa changa chakuntchito ndachisiya pa desiki, musavutike kundilembera kalata.

Bambo a mapasa, munandipempha kuti ndiwerenge mbiriyi poganiza kuti ndine bwenzi la akazi anu. Mwamva tsopano kuti ndine ndani. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero, ndilibe nkhope yopemphera zimenezo. M'envelopu iyi muli kaundula wa dzulo, makalata atatu aja, ndi umboni wanga wonse umene ndalemba ndi kusayina. Mupite nazo kulikonse kumene mungafune, ndipo kumene mungandiitane ndikaima ndi kubwereza mawu omwewa, kufikira kalata yonama ija itafafanizidwa.

Inu ana, mayi anu sanagwetse netiweki. Anaigwetsa ndi anthu awiri, ndipo onse awiri mukuwaona pano. Mayi anu ndi amene anaidzutsa, ndi miyendo yotupa. Iwe mwana wamkazi, bwerera ku koleji, ukakhale mpando wakutsogolo, ndipo mphunzitsi uja ukamuuze nkhaniyi mmene inayendera. Alamu ndabwera nawo, ali m'galimoto. Ndawapukuta fumbi. Ndi ako.

Malemuwa asiya amuna awo, ana awiri amapasa, mayi awo owabereka, alongo awo awiri ndi ang'ono awo awiri. Mawa 9 koloko dzina lawo lidzadzukanso kukayendera marauta 312, monga lachitira masiku onsewa. Koma eni akewa asadzukenso, agwira mokwana. Mtendere umene tinawamana ali moyo, Mulungu awapatse. Apumule mu mtendere.